Belo Limalembedwa, Maola a Dalaivala Salembedwa

Njanji sinafikepo ku Kasungu. Inafika ku Blantyre mu 1908, ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, n'kupitirira mpaka ku Mchinji chaka chotsatira, koma chidikha chachikulu chimene chayala kuchokera ku mtsinje wa Bua kukafika kutsidya kwa Dwangwa inachilambalala. Choncho fodya yense wolimidwa ku Santhe, ku Chamama, kwa Wimbe, kwa Chulu ndi kwa Kaluluma wakhala akuchoka m'chigafa kupita kumsika atasenzedwa pamutu, atakwezedwa pangolo kapena atamangidwa palole. Anthu akamakamba mbiri ya fodya wa m'boma lino amatchula alimi, eni maesiteti, matenanti ndi ogula, ndipo salakwa. Amene amaiwalika ndi wonyamula. Kwa zaka pafupifupi 100, katundu amene munthu ameneyu amanyamula wakhala akuyezedwa, kuwerengedwa ndi kulembedwa mosamala kwambiri, pamene nthawi imene iye amathera pa ulendowo palibe amene amaisamala, ndipo ikapezeka kuti yalembedwa, buku lake limakhala mu ofesi ya bwana. Ndikufuna kuonetsa kuti zimenezi si mwangozi ayi, ndi chizolowezi chakale cha malonda a fodya, komanso kuti malire a maola ogwirira ntchito amene malamulo athu anaika sangamuthandize dalaivala mpaka tsiku limene iye adzakhale ndi ufulu woona ndi kusunga zolembedwa za maola akewo.

Malole asanabwere, ntchitoyi inali ya amtengatenga. Katundu wa boma la atsamunda, wa amishoni ndi wa makampani ankayenda pamitu ya anthu, mtolo umodzi wolemera pafupifupi makilogalamu 25, ulendo wa masiku kapena masabata. Ambiri ankalowa ntchitoyi kuti apeze ndalama ya msonkho wa nyumba, ena ankachita kugwidwa kudzera mwa mafumu, ndipo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 olemba mbiri amawerengera kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anasenzapo katundu wa asilikali, masauzande a iwo n'kufera m'njira ndi njala ndi matenda. Ngakhale nthawi imeneyo kalaliki sankagona. Ankalemba kuchuluka kwa mitolo, kulemera kwake, kumene yachokera ndi kumene ikupita, ndipo mtolo ukasowa kapitawo ankayankha mlandu. Za maola amene munthu wayenda sizinkalowa m'kaundula. Komabe mtengatenga anali ndi chitetezo chimodzi chimene sanapatsidwe ndi lamulo lililonse: dzuwa likalowa ulendo unkaima, chifukwa palibe kapitawo amene akanayendetsa gulu la anthu olemedwa mumdima wa m'tchire.

Lole inachotsa chitetezo chimenecho. Kuyambira cha m'ma 1920, A. F. Barron ndi Roy Wallace anatsegula munda ku Mbabzi pafupi ndi Lilongwe n'kuyamba kugawa mbewu ya fodya wa chikopa kwa alimi a m'midzi, ndipo m'zaka zochepa ulimiwu unafalikira m'chidikha chonse cha Lilongwe, ku Dowa mpaka cha ku Kasungu. Fodya wochuluka chotero sakanatheka kusenzedwa pamutu mpaka kunjanji ku Limbe, ndiye malole ndi amene analowa m'malo, poyamba kudzera ku Dedza ndi ku Ntcheu, kenako njanji itafika ku Salima njira ina inatseguka. Galimoto ili ndi nyali, siitopa, ndipo mwini wake amafuna kuti ndalama imene anaigulira ibwerere msanga. Chimene chinatsala chotopa ndi munthu wokhala pachiwongolero. Ku Britain komweko, kumene atsamunda athu ankachokera, vutoli analiona msanga. Lamulo lawo la pamsewu la 1930 linaletsa dalaivala wa lole kuyendetsa maola oposa 5 ndi theka osapumira, kapena oposa 11 pa tsiku. Patangopita zaka zitatu, mu 1933, anawonjezera lamulo lina lokakamiza eni malole kusunga zolembedwa za maola a madalaivala awo, chifukwa anapeza kuti malire opanda buku palibe amene angawalondole. Mu 1939 bungwe la zantchito la dziko lonse, ILO, linapanga pangano loyamba la maola a ogwira ntchito zamtengatenga pamsewu. Kuno kwathu m'zaka zomwezo mapepala ankachulukanso, koma anali a tsamba. Native Tobacco Board, imene inakhazikitsidwa mu 1926, inkalemba alimi m'kaundula, kulamula malo a misika ndi kupereka ziphaso kwa ogula, ndipo mu 1938 okushoni inatsegulidwa ku Limbe, kumene belo lililonse linayamba kukhala ndi tikiti yakeyake.

Kasungu inasanduka likulu lenileni la fodya m'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda, amene kwawo kunali komweko. Lamulo la Special Crops Act la 1963 linachititsa kuti fodya wa bale ndi wa fuluu, amene anali ndi ndalama zambiri, azilimidwa ndi okhawo amene ali ndi chilolezo, ndipo m'machitidwe ake chilolezocho chinkapita kwa eni maesiteti. Makampani a Press Farming ndi General Farming anatsegula minda ikuluikulu, bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linakhazika alimi osankhidwa m'minda yakeyake, ndipo nduna, akuluakulu a chipani ndi ogwira ntchito m'boma anatenga malo a lizi. M'dziko lonse maesiteti anachoka pa mazana ochepa mu 1970 kufika poposa 14,000 mu 1989, ambiri a iwo m'chigawo chapakati. Mpaka msika wa ku Kanengo mu Lilongwe utatsegulidwa mu 1979, fodya wa maesiteti a ku Kasungu ankayenda makilomita oposa 400 kukagulitsidwa ku Limbe. Malole onyamula fodyayo ndi amene ankatumidwanso kummwera, ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi ku Mangochi, kukatenga mabanja odzakhala matenanti.

Pa matenantiwo ndiyenera kuimapo pang'ono, chifukwa buku lawo likutiphunzitsa za buku la dalaivala. Tenanti akafika pa esiteti ankapatsidwa kachigawo ka munda, ndipo chilichonse chimene walandira m'nyengo ya ulimi, chimanga cha phoso, mchere, khasu, feteleza, ngakhale ndalama yopitira kuchipatala, chinkalembedwa ngati ngongole. Pokolola, bwana kapena kalaliki wake ndi amene ankasankha giredi ya fodyayo, kumuyeza pasikelo ya pa esiteti, kutchula mtengo, kenako n'kutsegula buku n'kuchotsa ngongole. Mabanja ambiri ankamaliza chaka chonse n'kuuzidwa kuti chatsala n'chochepa kapena kuti ngongole sinathe. Si eni maesiteti onse amene ankaba, ndipo sindikunena zimenezo. Koma ngakhale bwana wachilungamo anali ndi mphamvu imene munthu sayenera kukhala nayo pa mnzake: iye yekha ndiye ankalemba, iye yekha ndiye ankasunga, ndipo pakabuka mkangano umboni wonse unali m'manja mwa mbali imodzi. Tenanti akanatha kukumbukira kuti analandira ndowa zingati za chimanga, koma chikumbukiro sichipambana inki pamaso pa woweruza. Dziko linatenga zaka zambiri likukangana za dongosolo limeneli mpaka Nyumba ya Malamulo inaliletsa mu 2021 posintha lamulo la zantchito. Dalaivala wa lole ya fodya sanakhalepo tenanti, ali ndi laisensi ndipo amalemekezedwa m'mudzi, koma pa nkhani ya nthawi yake ali pamalo omwewo. Amadziwa yekha kuti wachoka liti ndipo wabwera liti, pamene pepala lotsimikizira zimenezo, ngati lilipo, lili ndi wina.

Nkhondo ya ku Mozambique inatalikitsa ulendo kuposa kale. Pofika 1984 njanji zopita ku Beira ndi ku Nacala zinali zitatsekeka, ndipo fodya amene wagulidwa ndi kukonzedwa m'mafakitale a ku Kanengo ndi ku Limbe anayamba kutuluka m'dziko pamalole. Ena ankadutsa ku Tete m'mdipiti woperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, kuchokera ku Zobue kukafika ku Nyamapanda. Ena ankazungulira ku Zambia, ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000 kukafika kudoko la Durban. Njira ina ya kumpoto yopita ku Dar es Salaam inkadutsa mu Kasungu momwemo. M'badwo wa madalaivala amenewo unasunga chuma cha dziko lino chili chiyimire, ena n'kutayapo miyoyo. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, katundu wambiri sanabwererenso kunjanji, ndipo chizolowezi cholipira dalaivala ndi kamalipiro kochepa ka pamwezi kuwonjezera alawansi ya pa ulendo chinakhazikika.

Kusintha kwakukulu kwa chidikha cha Kasungu kunabwera kuyambira mu 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale. Anayamba ndi masauzande ochepa, koma zaka khumi zisanathe anali mazana a masauzande, atagawidwa m'makalabu, ena pansi pa bungwe la TAMA, ena pansi pa bungwe la NASFAM. Kale lole inkapita pa esiteti imodzi n'kudzaza. Tsopano inayamba kuzungulira m'midzi, kutola mabelo asanu apa, khumi apo, m'misewu yafumbi imene mvula yangoisiya ili maenje okhaokha. Tiyeni tilione belo limodzi. Fodya akasankhidwa amadindidwa pajeke, n'kusokedwa m'chiguduli, ndipo pachiguduli pamalembedwa nambala ya mlimi kapena ya kalabu ndi nambala ya belolo. Pokweza, mabelo amawerengedwa n'kulembedwa papepala loperekeza katundu. Kumsika belo limayezedwa, pafupifupi makilogalamu 100, limapatsidwa tikiti, ndipo likagulidwa tikitiyo imaonetsa giredi, mtengo ndi wogula. Pomaliza mlimi amalandira seloshiti yondandalika zonse zimene zadulidwa, ndalama ya msika, ya chiguduli, ya mabungwe, ya msonkho, mpaka senti yomaliza. Belo likasowa, njira yake imalondoleka.

Tsopano timuone munthu amene walibweretsa. Kuchokera ku Kasungu kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 130, ulendo wa maola ochepa ngakhale palole yolemedwa. Koma aliyense wodziwa nyengo ya msika, kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, amadziwa kuti nthawi yambiri siithera pamsewu, imathera pachipata. M'zaka zimene fodya wachuluka kapena ogula akubweza mabelo ambiri, malole akhala akundandana ku Kanengo kwa masiku, nthawi zina masabata, kudikira kutsitsa. Dalaivala ndi womuthandiza amaphika nsima pambaula pambali pa matayala, amagona mosinthana m'kabini, amadzuka pakati pa usiku kuona ngati zingwe za tenti sizinamasulidwe, ndipo sangachoke kupita kutali chifukwa mzere ukasuntha iye palibe, malo ake apita. Akatsitsa, foni ya bwana imalira kuti kalabu ina ikudikira, ndipo munthu amene sanagone tulo tabwino kwa masiku angapo amalowa mumsewu wa M1 madzulo, kudutsa pa Lumbadzi, pa Mponela ndi pa Madisi, malo amene anthu oyenda pansi, akabaza ndi ngolo zopanda nyali amakhala m'mphepete mwa tala. Msika wa Chinkhoma utatsegulidwa m'boma la Kasungu m'zaka za m'ma 2000 unafupikitsa mtunda kwa alimi ambiri, ndipo unali mpumulo weniweni, koma kudikira pachipata sikutha chifukwa choti chipata chayandikira.

Lamulo silinangokhala chete. Employment Act ya 2000 inaika maola 48 pa sabata monga malire a ntchito ya masiku onse, inalamula kuti maola owonjezera alipidwe pamlingo wa ola limodzi ndi theka, ndipo ogwira pa tsiku lopuma kapena la tchuthi alipidwe kawiri. Inalamulanso kuti wantchito azilandira pepala lofotokoza malipiro ake, n'kupatsa akuluakulu a ofesi ya zantchito mphamvu yolowa pamalo a ntchito ndi kuitanitsa mabuku. Bwalo lomva milandu ya apantchito, limene limagwira ntchito pansi pa Labour Relations Act ya 1996, lilipo. Koma lamulo limeneli analilemba akuganiza za munthu amene amalowa pageti m'mawa n'kutuluka madzulo, kumene mlonda kapena kapitawo amaona. Malo a ntchito a dalaivala amayenda, ndipo mkulu wa zantchito wa pa boma la Kasungu sangapeze maola a munthu amene wagona ku Kanengo poyendera garaja ya bwana wake. Dalaivala akachotsedwa ntchito n'kupita kukadandaula kuti sanalipidwe maola owonjezera, funso loyamba ndi lakuti maolawo ndi angati ndipo umboni wake uli kuti. Apa m'pamene ambiri amagwera. Sitalaka za madalaivala a malole akuluakulu mu 2019 ndi mu 2021, zimene zinaimitsa katundu m'malire mpaka mafuta a galimoto kusowa, zinachititsa kuti boma liwaikire malipiro awoawo ochepetsetsa, ndipo chimenecho chinali chipambano. Komabe malipiro a pamwezi osadziwika maola ake amanyenga. Ndalama imodzimodziyo kwa wogwira maola 48 pa sabata ndi kwa wogwira maola 90 si malipiro ofanana.

Maiko ena anayenda kale njira imeneyi. Pangano la ILO nambala 153 la 1979 limati dalaivala asayendetse maola oposa 4 osapumira, asapitirire maola 9 pa tsiku ndi 48 pa sabata, ndipo limafuna kuti pakhale kabuku ka dalaivala aliyense ndi zolembedwa za olemba ntchito zimene boma lingathe kuziona. Maiko amene analivomereza ndi ochepa, ndipo Malawi sali m'gulu lawo. Ku European Union malamulo a 2006 amalola maola 9 oyendetsa pa tsiku, kupuma kwa mphindi 45 pakatha maola 4 ndi theka, ndi maola osaposa 56 pa sabata, zonse zikulembedwa ndi makina omangiriridwa m'galimoto. Koma chimene ndikuchiona chofunika koposa chili m'lamulo lawo la 2002 la maola a ntchito a oyenda pamsewu: wolemba ntchito asunge zolembedwa za maolawo kwa zaka zosachepera ziwiri, ndipo dalaivala akapempha, apatsidwe kope. Ndi mfundo yaing'ono, yosafuna ndalama zambiri, koma ndi imene imasandutsa buku la bwana kukhala umboni wa anthu awiri.

Wina anganene kuti kwathu kuno zolembedwa zoterozo kulibe, ndiye palibe choti munthu apemphe kuona. Zimenezo zinali zoona kale, lero sizoona. Chiyambireni ulimi wa kontirakiti mu 2012, makampani ogula monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI amafuna kudziwa munda umene belo lililonse lachokera, ndipo chidwicho chinakula pamene dziko la America linaimitsa fodya wa ku Malawi m'madoko ake mu Novembala 2019 chifukwa cha nkhani zogwiritsa ntchito ana ndi ntchito yokakamiza. Mabelo ali ndi zizindikiro zowerengedwa ndi makina, onyamula fodya amalembetsa ku Tobacco Commission, lole imalembedwa pofika pachipata ndi potsitsa, masikelo a pamsewu ndi zipata za m'malire zimasiya mapepala awo, ndipo makampani akuluakulu amtengatenga anaika zida za GPS zimene zimauza ofesi pamene galimoto ili, liwiro lake ndi mphindi zimene yaima. Zida zimenezi anaziika kuti mafuta asabedwe ndi kuti katundu asapatutsidwe, ndipo dalaivala akaima malo osayenera umboni umatuluka nthawi yomweyo. Umboni womwewo ukanatha kuonetsa kuti munthuyo wakhala pantchito maola 20 otsatizana. Ngati zolembedwazo n'zokwanira kumuchotsera ntchito, n'zokwaniranso kumulipirira, ndipo sindikuona chifukwa chachilungamo chomubisira.

Chotsutsa choyamba chimene chili ndi mphamvu chikuchokera kwa eni malole ang'onoang'ono. Malole ambiri otola fodya m'midzi ya Kasungu si a makampani. Ndi a munthu mmodzi, mwina mlimi amene anakolola bwino chaka china n'kugula lole yakale, wopanda ofesi ndi kalaliki, amene akulimbana ndi mtengo wa dizilo ndi matayala. Kumuuza kuti agule makina a ku Ulaya n'kumutsekera bizinesi. Ndikuvomereza, ndipo sindikupempha makinawo. Munthu yemweyo amadziwa malita a dizilo amene wathira ndi mabelo amene wakweza, chifukwa amalemba. Kuwonjezera mizere iwiri, nthawi yonyamuka ndi nthawi yobwerera, m'kabuku kokhala ndi kaboni kuti tsamba lina litsale ndi dalaivala, si katundu woti angamuthyole msana. Ndipo kabukuko kamamuteteza iyenso tsiku limene dalaivala wosakhulupirika adzanene maola amene sanagwire.

Chotsutsa chachiwiri n'chovuta kwambiri, chifukwa chimachokera kwa madalaivala enieniwo. Nyengo ya fodya ndi yaifupi, alawansi imabwera pa ulendo, ndipo munthu amene ali ndi ana kusukulu amafuna maulendo ambiri m'miyezi imeneyi, osati ochepa. Malire a maola, kwa iye, angaoneke ngati kumulanda chakudya pakamwa. Kumene malamulo otere anayamba kale, monga ku America, madalaivala ndi mabwana awo ankagwirizana kulemba zabodza m'mabuku, mpaka boma linalamula zida zamagetsi mu 2017. Sindikufuna kuchepetsa nkhawa imeneyi. Yankho langa lili pawiri. Choyamba, tulo ta dalaivala si nkhani ya iye ndi bwana wake okha, chifukwa lole yolemera matani khumi ikasiya msewu pa Mponela imapha anthu amene sanalowe nawo m'pangano lililonse. Chachiwiri, chimene chimamukakamiza kuthamangira ulendo wina ndi chakuti masiku amene wadikira pachipata sanamupindulire kanthu. Ufulu woona zolembedwa paokha suchotsa tambala m'thumba la munthu. Umangomupatsa poyambira kufunsa malipiro a nthawi imene pakali pano akuipereka ulere. Za mabodza a m'buku, mankhwala ake ndi akuti nthawi yofunika kwambiri izidindidwa ndi wina wosakhala bwana kapena dalaivala, ndiye kuti pachipata cha msika.

Ena amati kudikira si ntchito, munthu wokhala pansi pa lole akusewera bawo sangawerengedwe ngati amene ali pachiwongolero. N'zoona kuti kudikira si kuyendetsa, ndipo malamulo abwino amasiyanitsa ziwirizi. Koma lamulo la ku Ulaya la 2002 lija linadula mkanganowu mwanzeru: nthawi imene dalaivala akudikira kukweza kapena kutsitsa, osadziwiratu kuti kudikirako kutha liti, ndipo sangathe kugwiritsa ntchito nthawiyo momwe akufunira, ndi nthawi ya ntchito. Mzere wa pamsika wa fodya ndi wotero ndendende. Munthuyo akulondera katundu wa mamiliyoni, belo likasowa kapena likanyowa adzadulidwa malipiro, ndipo sakudziwa ngati aitanidwa mawa kapena Lachisanu. Sizingatheke kuti pa udindo akhale ali pantchito, koma pa malipiro akhale ali patchuthi.

Chotsutsa chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mlimi. Chilichonse chokweza mtengo wonyamulira chimakathera pa seloshiti yake, ndipo mlimi wa bale wa kwa Chulu ndi amene ali wofooka kuposa onse mumndandanda umenewu. Ngati kulipira dalaivala maola odikira kudzatanthauza kudula mlimi ndalama ina, ndiye kuti tachotsa katundu pamutu pa wosauka wina n'kuika pa wosauka mnzake. Koma mlimiyo akulipira kale kudikirako, kungoti mobisika. Mwini lole amene akudziwa kuti galimoto yake ingakhale masiku ambiri pamzere amaika zimenezo m'mtengo wa belo. Fodya wokhala nthawi yaitali pansi pa tenti amasintha chinyezi ndi maonekedwe, giredi n'kutsika, ndipo ndalama zimachedwa pamene katapira akukula. Palibe amene angaloze kuti kuchedwaku kwadya ndalama zingati ndipo wachititsa ndani, chifukwa nthawi yofika ndi nthawi yotsitsa sizili papepala limene mlimi kapena dalaivala ali nalo. M'madoko a panyanja, sitima ikachedwetsedwa kupitirira masiku ogwirizana, wochedwetsayo amalipira, ndipo zimenezo zimatheka chifukwa nthawi imalembedwa ndipo mbali zonse zili ndi kope. Tobacco Commission, imene ikupereka kale ziphaso kwa onyamula ndi kwa oyendetsa misika, ikhoza kulamula kuti pepala loperekeza mabelo lizidindidwa tsiku ndi ola lofika komanso lotsitsa, ndi kuti kope lina lipite kwa kalabu, lina kwa dalaivala. Pakatha nyengo imodzi yokha zingadziwike kuti ndi msika uti, mwezi uti ndi wogula uti amene akusunga malole nthawi yaitali, ndipo mtengo wa kudikira ungaperekedwe kwa amene ali ndi makiyi a chipata, amenenso ali ndi mphamvu yoitana malole molingana ndi mabelo amene angathe kutsitsa pa tsiku.